Timabokosi ta a Tsuruta

Ife a kumtunda kwa tauni timadziwa nyumba ya munthu powerenga masitepe. Kwa a Iwanaga ndi pa sitepe ya makumi anayi. Kwa a Tsuruta ndi pa 112, pomwe masitepewo amathera, pakhomo pomwe pali mtengo wa manachesi. Galimoto siifikako. Wamakalata amasiya njinga yake yamoto kumunsi n'kukwera wapansi, ndipo amapuma kawiri asanafike.

A Masaichi Tsuruta anagwira ntchito ku khonsolo ya tauni zaka 38. Sanachedwepo, sanakwezepo mawu, sanamukanirepo munthu pamaso. M'thumba la malaya awo oyera munkakhala kachikwama, ndipo m'kachikwamako munkakhala chidindo chawo, kamtengo kotalika ngati chala, kosemedwa dzina lawo kunsonga. Ankadinda mwaulemu. Pa fomu iliyonse timabokosi ta zidindo timayambira kumanja, kwa kalaliki, kupita kumanzere, kwa bwana wamkulu, ndiye iwo ankapendeketsa chidindo pang'ono kuti dzina lawo lizioneka ngati likuweramira mabwana. Munthu akangolembedwa ntchito, a Tsuruta ankamuphunzitsa zimenezi tsiku loyamba, asanamuonetse komwe kuli chimbudzi.

Ntchito yomwe ankanyadira kwambiri inali Fomu 14, yopemphera kuika chinthu pamalo a onse: benchi, nyale, chikwangwani. Kale inali ndi timabokosi titatu. Chaka china benchi ya pamsika inathyoka, mayi wina n'kuvulala mkono, ndipo bwana amene anadinda komaliza anakawerama mopepesa pamaso pa atolankhani, kenako anasamutsidwira ku ofesi ya pachilumba. A Tsuruta zinawakhudza. Anakhala pansi ndi rula n'kujambula fomu yatsopano ya timabokosi tisanu ndi tinayi: titatu ta nthambi ya misewu, titatu ta nthambi ya ngalande, titatu ta nthambi ya mapaki. Anthu asanu ndi anayi akadinda, ndiye kuti palibe amene wadinda. Pansi pake anawonjezera mzere wa zilembo zing'onozing'ono, wonena kuti zidindo zonse zikhale za anthu amene akadali pamipando yawo tsiku lomwe fomu yadzaza.

Kuyambira pamenepo palibe benchi inathyokanso m'tauni mwathu, chifukwa palibenso benchi inaikidwa. A Tsuruta analandira satifiketi yowayamikira. Anaikoleka pabalaza, pamwamba pa wailesi yakanema, ndipo akazi awo, a Fumie, ankaipukuta Loweruka lililonse pamodzi ndi magalasi a mawindo.

Patatha zaka khumi ndi chimodzi a Tsuruta atapuma pa ntchito, a Fumie anaterereka pa masamba onyowa pa sitepe ya 63, akuchokera kumsika ndi nsomba ndi kabichi. Unali mwezi wa Okutobala. Fupa la m'chiuno linathyoka. Amuna anayi anatsika nawo pamachira, ndipo mu Disembala amuna anayi ena anakwera nawo pamachira omwewo. Dokotala anati kuyenda aziyenda ndithu, koma pa masitepe ayi, pokhapokha patakhala chitsulo chogwirira.

Mwana wawo Kanae, yemwe amakhala ku Osaka, anaimba foni chaka chitangoyamba.

"Bambo, ndapeza nyumba ya okalamba pafupi ndi kwathu kuno. Ili ndi chikepe. Zipinda zake n'zaukhondo."

"Amayi ako sakufuna."

"Amayi sanatuluke pageti chibwerereni kuchipatala. Mu Ogasiti ndibwera kudzaona manda a agogo. Ndikadzapeza chogwirira kulibe, ndidzabwerera nawo. Inu mudzasankha nokha, kutitsatira kapena kutsala ndi manachesi anuwo."

A Fumie anamva zonse, chifukwa Kanae salankhula motsitsa. Foni itadulidwa anati, "Masitepe amenewa ndinawakwera ndili mkwatibwi. Ndidzatsika ndi miyendo yanga kapena m'bokosi, koma ku Osaka sindipita. Komanso taonani tsitsi langali. A Urakawa akanaliona akanatseka saluni yawo ndi manyazi."

"Musadandaule, mayi. Fomu yake ndikuidziwa."

"N'chimene ndikudandaula nacho, bambo."

Mawa lake a Tsuruta anavala malaya oyera n'kutsika. Mtsikana wa pawindo lolandirira makalata anaiyang'ana fomuyo kutsogolo ndi kumbuyo, n'kunena kuti chiyambireni ntchito sanaonepo Fomu 14 yolembedwa popanda cholakwa, anthu ambiri amabwezedwa katatu. A Tsuruta anawerama pang'ono. Pokwera kubwerera kunyumba masitepe anawapepukira.

Masitepe athu ndi njira, choncho amakhudza a misewu. Kumanzere kwake kumadutsa ngalande. Pamwamba pake pali kapaki ka mitengo isanu. Mwini wake weniweni palibe anafunsapo, chifukwa Fomu 14 imapita kwa onse, ndipo aliyense akadinda amakhala ndi mtendere woti mwini wake ndi mnzake.

Lolemba lililonse a Tsuruta ankatsika kukazonda fomu yawo ngati wodwala. Ankadziwa kuti munthu safunsa mwachindunji. Ankanyamula kabokosi ka makeke a nyemba, n'kucheza za nyengo, ndipo potsanzika m'pamene ankati, ngati angokumbukira, "Kapepala kaja kali bwanji?" Kapepalako kankayenda thireyi imodzi pa mlungu, nthawi zina milungu iwiri. Pakati pa Malichi panali zidindo zisanu ndi zitatu. Chachisanu ndi chitatucho chinali cha a Hamasaki, mkulu wa mapaki, munthu amene a Tsuruta anamuphunzitsa okha kupendeketsa chidindo ali mnyamata wa tsitsi lambiri. Panatsala kabokosi kamodzi, ka mkulu wa ngalande. Iwo anali ku Tokyo, kumsonkhano wokambirana zochepetsa zidindo m'maofesi a boma. Anabwerako tsiku lomaliza la Malichi, lomwe ndi tsiku lotsanzikana, ndipo manja awo onse awiri anatanganidwa ndi maluwa.

Pa 1 Epulo, monga zimakhalira chaka ndi chaka, theka la ofesi linasinthana mipando.

A Hamasaki anawalandira a Tsuruta pa desiki yatsopano, pansi pa chikwangwani cha nthambi ya misewu. Anawathirira okha tiyi.

"Akulu anga, ndilibe nawo mawu. Zidindo zisanu zafa. Eni ake asamutsidwa. Fomu iyambirenso."

"Koma chanu chili apa, a Hamasaki."

"Chimenecho ndinadinda ndili wa mapaki. Tsopano ndine wa misewu."

"Chidindo n'chomwecho."

"N'chomwecho ndithu. Munthunso ndi yemweyo. Koma kamzere aka." Analoza ndi chala zilembo zing'onozing'ono zija. A Tsuruta sanavutike kuvala magalasi. "Kamzere kanzeru kwambiri," anatero a Hamasaki, ndipo sankanyoza ayi. "Katipulumutsa kambirimbiri."

A Tsuruta anathokoza chifukwa cha tiyi. Analemba fomu ina pomwepo, popanda cholakwa.

Pofika mu Julayi, dzuwa likuwotcha ndipo Ogasiti akusuzumira, fomu yatsopanoyo inali ndi zidindo zitatu. Kalaliki watsopano wa ngalande anali atapempha mapu, ndipo mapuwo ankasungidwa ndi a mapaki. Kunyumba a Fumie ankayenda kuchokera kukhitchini kukafika pageti, n'kuima pamenepo kuyang'ana kumunsi komwe kumadutsa mabasi. Sankafunsanso za fomu. Satifiketi ija anasiya kuipukuta.

Lolemba lina a Tsuruta anapumira pa sitepe ya makumi anayi, pomwe a Iwanaga amakhala pa kireti ya mabotolo akudzipepeza ndi nyuzipepala. Awiriwa anaphunzira kalasi imodzi ali ana. A Iwanaga moyo wawo wonse anali wowotcherera zitsulo kudoko komwe amapanga sitima zapamadzi.

"Bwana timabokosi, lero mwakolola zingati?"

"Zikadali zitatu."

"Kuyambira Epulo? Iwe Masa, mkazi wako adzatsika ali ndi zaka zana. Ine kuseri kuno ndili ndi mapaipi akungodya dzimbiri."

"N'zosaloledwa."

"Sitima ndapanga makumi atatu. Palibe inamira chifukwa chosowa chidindo chako."

"Ndati n'zosaloledwa, Iwanaga. Pamalo a onse munthu saika chinthu popanda..."

"Ndiye usaone. Lachitatu upite kumsika ukagule tofu, chakudya chija cha soya, ukasankhe bwinobwino, ubwereko Lachisanu."

Lachitatu a Tsuruta kumsika sanapite. A Iwanaga anabwera ndi anzawo awiri akale a kudoko, onse a imvi, onse osamva bwino, ndipo ankakalipirana ngati adani. Munthu wogwira tepi yoyezera anasowa. A Tsuruta anaigwira, nkhope atayang'ana kumbali, ngati dzanjalo si lawo. Pomwe a Iwanaga anafuna kuyerekeza ndi maso msinkhu wa chitsulo, a Tsuruta anakwera kunyumba n'kukayeza kuchokera pansi kufika pachigongono cha akazi awo.

"Mukundiyeza bokosi kale?" anafunsa a Fumie.

"Imani mowongoka, mayi."

Lachisanu madzulo chogwirira chinali chitaima kuchokera pamsewu mpaka pa 112, chopakidwa penti yobiriwira yotsala kudoko. Tsiku loyamba a Fumie anatsika masitepe khumi n'kubwerera. Tsiku lachiwiri makumi awiri. Tsiku lachinayi kunabwera amuna awiri ovala zipewa zolimba, anajambula zithunzi, anayeza, anawerama n'kupita. Tsiku lachisanu ndi chimodzi wamakalata anakwera ndi envulopu ya khonsolo, akugwira chitsulocho njira yonse, ndipo anati sanapume ngakhale kamodzi.

Kalatayo inati pa masitepe paikidwa chinthu popanda chilolezo. A Tsuruta akaonekere Lachinayi kwa mkulu wa misewu, komwe Fomu 15, yolamula kuchotsa, ikadindidwe iwo alipo.

"Masiku asanu ndi limodzi," anatero a Fumie. "Ndiye kuthamanga amatha, eti? Fomu iyinso ndi yanu?"

"Ndi yanga."

"Timabokosi tingati?"

"Kamodzi."

Anaipanga ya kabokosi kamodzi chifukwa kuchotsa chinthu sikunatumizepo bwana aliyense kuchilumba. A Fumie anapita pageti n'kukagwira chitsulocho ndi manja onse awiri, osatsika, kungogwira basi.

A Tsuruta amasunga mafomu onse amene anajambula m'kabati yapansi, m'mene anthu ena amasungira zithunzi za ana. M'mawa wa Lachinayi anatulutsa Fomu 15 n'kuiyala patebulo, pambali pa mbale ya mpunga. Anaiyang'ana mpaka msuzi unazizira. Pamwamba pa kabokosi kamodzi kaja panali mawu amene anawalemba zaka makumi atatu zapitazo osaganiza n'komwe, pongofuna kuti kabokosiko kasakhale kopanda dzina. Anawawerenga kawiri. Kenako anamwa msuzi wozizirawo, anavala malaya oyera, ndipo potsika anagwira chitsulo kwa nthawi yoyamba.

A Hamasaki anali atakonzeka. Fomu inali pa desiki, kachikwama ka chidindo kali kotsegula, inki yofiira ili pambali. Nkhope yawo inali ya munthu wopita kumaliro.

"Akulu anga, mwa anthu onse, inu."

A Tsuruta anaimirira n'kuwerama mpaka msana unalira. Anapepesa chifukwa chovutitsa khonsolo pa nthawi ya ntchito yambiri. A Hamasaki anapepesa chifukwa chowapepesetsa. Kenako anagunditsa chidindo pa inki kawiri, n'kuchinyamula.

"Ndabweranso kudzathokoza," anatero a Tsuruta akukhala pansi. "Ife a kumtunda takhala zaka zonsezi osadziwa mwini masitepe athu. Lero tidziwa."

Chidindo chinaima m'malere.

"Mukutanthauza chiyani?"

"Werengani pamwamba pa kabokosiko. Maso angawa anatha."

A Hamasaki anawerenga motsitsa mawu: "Mkulu wa nthambi yomwe ndi mwini malowo."

"Eya. Anthu asangalala. Pa sitepe ya 25 pali mng'alu wolowa phazi la mwana, eni nyumba ya pamenepo akhala akusowa kokanena. Kuyambira pa 70 mpaka pa 80 simenti ikuyoyoka. Ndiye pali pa 63, pomwe anagwera akazi anga. Kanae wakhala akundifunsa kuti kalata yake ailembere ndani. Mukumudziwa Kanae, salankhula motsitsa. Ndimuuza kuti ndi a misewu, ndipo dzina lili pa chidindo."

A Hamasaki anayang'ana kabokosi kaja nthawi yaitali. Kenako anatenga kapepala kofewa, anapukuta inki pa chidindo mosamala, mbali zonse, n'kuchibwezera m'kachikwama.

"Ngalande ija imadutsa mbali iti?"

"Kumanzere. Mapaipi ena alowa m'mphepete mwake mwenimweni."

"Ndiye kungakhale kupanda ulemu kudinda osamva maganizo a anzathu a ngalande."

"Ndi a mapaki. Paipi yomaliza ili pansi pa mtengo wawo."

"Ndi a mapaki," anavomera a Hamasaki. Anaika fomuyo m'thireyi ya makalata otuluka, n'kuisalaza ndi dzanja. "Tiyi wina, akulu anga?"

Kanae anatsika basi pakati pa Ogasiti atanyamula chikwama chachikulu chopanda kanthu, choti adzalongedzeremo zovala za amayi ake. Pamalo okwerera basi palibe benchi, ndiye amayi akewo anawapeza ataimirira, dzanja limodzi lili kumapeto kwa chitsulo chobiriwira, tsitsi lili lopotanapotana, likununkhirabe mankhwala a kwa a Urakawa.

"Amayi, mwatsika bwanji?"

"Ndi miyendo. Iwe wabwera bwanji?"

Kanae anagwedeza chitsulocho ndi mphamvu. Sichinasunthe. "Koma khonsolo yachita zinthu. Sindinkayembekezera."

"Bambo ako anaigwirira ntchito zaka 38," anatero a Fumie. "Nyamula chikwama chakocho, tizikwera. Ine ndimapuma pa makumi anayi, pali munthu wopanda ulemu amene ndimamupatsa moni."

Chikwamacho chinabwerera ku Osaka muli nsomba zouma.

Papita zaka zitatu tsopano. Fomu 15 ikuyendabe. A ngalande anati madzi okha ndiwo awo, a mapaki anati mitengo yokha, a misewu anati njira yosadutsa galimoto iyenera kuunikidwa kaye ngati ili msewu. Fomu 14 ija inadzaza chaka chotsatira, zidindo zonse zisanu ndi zinayi, zopendekeka bwino. Inabwera ndi kalata yonena kuti khonsolo yavomera kuika chogwirira, koma singathe kuyamba ntchito chifukwa pamalopo pali chinthu china chomwe nkhani yake ikuunikidwa. Epulo aliyense a Tsuruta amatsika ndi timabokosi titatu ta makeke a nyemba kukalonjera akuluakulu atsopano a nthambi zitatuzo, ndipo potsanzika amawapempha kuti awawerengere mawu ena ake pa Fomu 15, poti maso awo anatha.

Kutsidya kwa chigwa kuli phiri lina la masitepe 140. Kumeneko kulibe wowotcherera zitsulo, kulibenso munthu wosunga mafomu m'kabati. Nyumba zambiri za pamwamba zatsekedwa, eni ake ali m'zipinda zaukhondo ku Osaka ndi ku Fukuoka. A Tsuruta amaliona phirilo ali pansi pa mtengo wawo wa manachesi. Mwezi wathawu anatsitsa satifiketi ija, anaitembenuza, n'kuigwiritsa ntchito ngati thabwa lolembera. Anatenga rula yawo yakale n'kujambula Fomu 14 yatsopano: timabokosi tiwiri, popanda kamzere ka pansi, ndi malo olembapo dzina la nthambi imodzi yomwe ndi mwini masitepe alionse m'tauni muno. Analembanso kalata ya masamba anayi yofotokoza chifukwa chake, ndipo pa tsamba loyamba anavomera kuti fomu yakaleyo anaijambula ndi iwo.

A Fumie anawerenga zonse ataimirira kumbuyo kwawo.

"Mukapereka zimenezi, mwini masitepe athu apezeka?"

"Apezeka."

"Akapezeka adinda Fomu 15."

A Tsuruta anaika rula pansi. "Akhoza kudinda. Koma anthu a kutsidya aja, mayi..."

"Ndawaona. Sindine wakhungu." Anayang'ana pawindo. "Pempho losintha fomu limayenda bwanji?"

"Limapita pa Fomu 22."

"Yanunso?"

"Yanga."

"Timabokosi tingati?"

"Khumi ndi tiwiri."

A Fumie anawerenga ndi zala, milomo ikugwedera, mwina zidindo, mwina zaka zawo. Kenako anapita kukatenga malaya oyera pa chingwe.

"Valani. Titsikire limodzi, ine ndikatsalira kwa a Urakawa."